Thupi likasanduka umboni: kuonda, kunenepa ndi mbiri ya misala ku Mulanje

Pa msika wa Chitakale, kapena pa Chonde tsiku la msika, anthu amene adasiyana kalekale akakumana moni wawo sutha asadakambe za thupi. "Koma achemwali mwanenepatu! Alamu akukusungani bwino eti?" Wouzidwayo amaseka, n'kuyankha kuti n'chisomo chabe. Akakhala kuti watsika thupi, mawu amachepa. Mnzake uja amangoti "mwasowatu," maso ali pakhosi ndi m'masaya, ndipo zotsalazo akazikambira kunyumba madzulo: "Ndawaona aujeni lero. Koma ndiye atha."

Ambiri amene amatero sakhala ndi mtima woipa. Tidakula tikuona akuluakulu akuchita zomwezo, ndipo kale diso linkathandizadi. Ndi diso la anganga limene linkayamba kuona kuti mwana tsitsi lafiira ndipo mapazi akutupa, kapena kuti mtsikana waima. Koma diso lomwelo tidalipatsa udindo umene silingauthe. M'midzi yozungulira phiri la Mulanje munthu amapimidwa ndi maso, matenda ake n'kutchulidwa, chigamulo n'kuperekedwa, iye asadaponde pakhomo la chipatala. Amene chiweruzo chimenechi chimawalemera koposa ndi odwala matenda a m'maganizo. Matendawo akawaondetsa, anthu amanena zawo. Mankhwala akawanenepetsa, anthu amanenanso zina. Ena mwa iwo, potopa ndi pakamwa pa anthu, amangosiya mankhwalawo.

Mantha a kuonda

Thupi lidatenga mphamvu imeneyi m'zaka za m'ma 1990. Boma la Mulanje, ndi maesiteti ake a tiyi amene amakoka anthu ochokera kutali, komanso chipata cha Muloza cholowera ku Milange m'dziko la Mozambique, lidakanthidwa ndi Edzi kuposa maboma ambiri. Ngakhale mliri utayamba kuzizira, kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 adapezabe kuti ku Mulanje munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 adali ndi kachilombo ka HIV, pamene m'dziko lonse sadakwane ngakhale mmodzi mwa khumi.

Amene adaona zaka zija sangaiwale kaliwondewonde. Bambo wamphamvu, wodzaza dengu la tiyi anzake asadafike pakati, ankayamba kuboola mabowo atsopano pa lamba. Kenaka kolala ya malaya inkatsala pang'ono kukwana makosi awiri. Kenaka maliro. Dzina la matendawo silinkatchulidwa pasiwa. Ankati kanyera, ankati tsempho, ankati adadwala nthawi yaitali. Koma mudzi wonse udaphunzira kuwerenga thupi, ndipo kuonda kudasanduka chilengezo. Ma ARV aulere atayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, chizindikiro choyamba chakuti munthu wapulumuka chidali kubwerera kwa thupi, achibale n'kumathokoza Mulungu poona masaya akudzaza.

Komabe thupi silidaleke kuulula zinsinsi. Mankhwala oyambirira aja adali ndi stavudine, amene ena ankawaphwetsa masaya, matako ndi miyendo, mafuta n'kuunjikana pamimba, ndipo anthu adaphunzira kuwerenga chimenechonso. Boma lidawachotsa pang'onopang'ono kuyambira 2011. Kuyambira 2019 ambiri akumwa okhala ndi dolutegravir, amene kafukufuku wa ku Johannesburg adaonetsa kuti amawonjezera thupi, makamaka kwa amayi. N'chifukwa chake lero mayi akanenepa mwadzidzidzi sipalephera kupezeka wina wonong'ona pamjigo kuti "ayamba kumwa."

Pamwamba pa mliri pali njala. Akuluakulu amasimbabe ya 1949, ndipo ya 2002 tidaiona ndi maso athu. M'dera la minda yaing'ono ngati lino, kumene gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, thupi lodzaza limanena kuti pakhomo pamenepo moto sugona. Kwa Alhomwe, kumene mwamuna amakakhala chikamwini, thupi la mkazi ndi lipoti la mkamwini kwa apongozi: mkazi akaonda, amalume ake amayamba kufunsa ngati mwamunayo akulima, akumenya kapena akuyendayenda. Ofufuza ena adapita kwa amayi a ku Lilongwe ndi Kasungu atanyamula zithunzi za matupi osiyanasiyana, kuyambira woonda kwambiri mpaka wonenepa kwambiri, ndipo m'zotsatira zimene zidatuluka mu 2020 amayi ambiri adaloza matupi aakulu, kwa iwo eni ndi kwa ana awo. Palibe wa ku Mulanje amene angadabwe nazo.

Chimene sitidachiike m'mutu n'chakuti dziko lasintha tili chiyang'anire. Mu 1992 amayi 10 mwa 100 alionse m'Malawi ndiwo adali ndi thupi lopitirira muyezo. Pofika 2016 adafika 21, ndipo m'matauni 36. Nthawi yomweyo ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Pakhomo limodzi mumatha kupeza mayi wa shuga ndi BP akulera mdzukulu wonyentchera. Diso limene lidaphunzira ntchito yake pa nthawi ya kaliwondewonde limamuona mayiyo n'kuti ali bwino.

Chithunzi chimodzi cha wamisala

Mukatchula matenda a m'maganizo, m'mutu mwa anthu ambiri mumabwera chithunzi chimodzi: bambo wa nsanza ndi tsitsi lopotana, akutola zakudya padzala kuseri kwa magolosale pa boma. Aliyense wokhala pa benchi ya kiliniki ya matendawa amalowetsedwa m'chithunzi chimenecho. Mayi amene wagwidwa ndi matenda okhumudwa atangobereka, mwana wa Folomu 4 amene mtima umamuthamanga mpaka kulephera kulemba mayeso, gogo amene wayamba kuiwala maina a ana ake, onse amatchedwa ozungulira mutu. Odwala khunyu nawonso, ngakhale matenda awo ndi a mtundu wina, amalandira mankhwala pa kiliniki yomweyo m'zipatala zambiri za m'maboma, motero dzinalo limawagwera.

Mbiri ya chithandizo chenichenicho idathandiza kukhomerera mantha. Malo oyamba osungirako odwala misala m'dziko muno adatsegulidwa mu 1910 monga nthambi ya ndende yaikulu ya ku Zomba, ndipo oyang'anira adali asilikali a ndende. Lamulo loyendetsa chithandizochi lidalembedwa ndi atsamunda mu 1948, ndipo chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953. Kwa zaka zambiri, kudwala m'maganizo kunkatanthauza kumangidwa zingwe, kukwezedwa galimoto ndi apolisi, n'kukatsekeredwa kutali ndi kwanu. Mpaka lero ana akamanyozana pabwalo la sukulu amauzana kuti "upite ku Zomba." Malamulo amene tidatengera kwa atsamunda omwewo adalembanso kuyesa kudzipha ngati mlandu, kotero kuti munthu wofunika namwino ankakumana ndi woweruza.

Zifukwa zimene timapereka pa matendawa nazo zimakhala ndi chala choloza munthu. Akakhala mnyamata, akuti ndi chamba, ngakhale sadachikhudzepo. Akakhala wabizinesi, akuti adakhwima n'kuphonya zizimba. Akakhala mwana wanzeru kusukulu, akuti amulodza, ndipo maso amatembenukira kwa azakhali ena okalamba a kumapeto kwa mudzi. Ulendo umayambira kwa sing'anga, kupita kwa mneneri, nthawi zina kuwoloka Ruo kukafuna wamphamvu wa ku Mozambique, mbuzi ndi njinga zikugulitsidwa m'njira. Kuchipatala amafikako pomaliza, wodwala atatheratu. Sindikunyoza mapemphero kapena miyambo ya makolo. Mabanja ambiri amapezamo chitonthozo chenicheni. Chondiwawa ndi miyezi imene imatayika, chifukwa matenda ngati schizophrenia amamva bwino mankhwala akagwidwa msanga.

Dzinalo likamatirira silichoka, ndipo silikhala la munthu mmodzi. Ankhoswe akamafufuza za mtundu wa mtsikana kapena mnyamata, mawu akuti "kumeneko kuli misala" amakwana kuthetsa chibwenzi cha mng'ono wake amene sadadwalepo. Wofuna ganyu amaopa kuti kapitawo akamva samulemba. Ena amasunga mabuku awiri a kuchipatala, lina la malungo ndi chifuwa, lina lobisa pansi pa sutikesi momwe mudalembedwa mankhwala a mutu. Chinyengo chimenechi chimamveka, koma n'choopsa, chifukwa dokotala woona buku loyamba lija sadziwa zimene munthuyo akumwa kale.

Kuonda kumene sikufunsidwa

Matenda okhumudwa amadya thupi. Munthu chakudya sichimukoma, tulo timathawa pakati pa usiku, khasu limalemera. Kuchipatala sanena kuti ndakhumudwa. Amati mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, m'thupi monse mukuphwanya. Amamupima malungo, sawapeza, amamupatsa Panado, mwezi wamawa wabweranso. Kumudzi amangoti akuganiza kwambiri, ndipo akaonda kufika poonekera, nkhani imatembenukira ku kachilombo. Akakayezetsa n'kupezeka alibe, ena amati makina sadaone bwino.

Kuno kwa anansi athu ku Thyolo, dokotala Robert Stewart ndi anzake adafunsa amayi obwera ndi makanda ku sikelo pa chipatala cha boma, m'kafukufuku amene adayamba kutuluka mu 2008. Pafupifupi atatu mwa amayi khumi alionse adali ndi zizindikiro za kukhumudwa kapena nkhawa yopitirira, ndipo ana a amayi oterowo adapezeka ofupikirapo poyerekeza ndi anzawo a miyezi yofanana. Taganizirani zimene zimachitika pa sikelo. Mwana amakolekedwa m'kabudula wa nsalu uja, muvi wa sikelo n'kuima, mlangizi n'kulemba kadontho pansi pa mzere. Mayi amadzudzulidwa pamaso pa anzake kuti sakumudyetsa mwana magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Funso lakuti "amayi, inuyo mukugona bwanji masiku ano?" silimveka kawirikawiri, pamene mwina ndi pomwe pagona vuto.

Kenaka kudabwera Freddy. Mu Malichi 2023 namondweyu adagwetsa mvula ya masiku angapo osalekeza, ndipo napolo adatsika m'mapiri ndi miyala yaikulu, kukokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, oposa 650,000 adathawa m'nyumba zawo. Cha ku Muloza, kwa Mfumu Yaikulu Njema, kuli mabanja amene sadaike maliro a abale awo chifukwa mitembo siidapezeke. Thandizo lidabwera la ufa, mabulangete, ndowa ndi mapepala a pulasitiki, ndipo lidali lofunika. Koma kuli amayi amene mpaka pano mvula ikayamba kugunda malata usiku amadzutsa ana n'kukhala tsonga pakhomo mpaka kucha. Kuli abambo amene adalowa m'kachasu chifukwa ndi momwe amapezeramo tulo. Oterewa akaonda timati ndi njala, kapena kachilombo kaja. Njala ilipodi, koma ufa wokha suchotsa phokoso la madzi m'makutu a munthu.

Wonenepa naye ali ndi tsoka lake: palibe amene amamukhulupirira. Mphunzitsi wa thupi lake, mayi wa geni yotentha pamsika, mkazi wa abusa, akayesa kuuza mnzake kuti moyo sukumukomanso, yankho limakhala lakuti, "Inuyo amayi mungadandaule chiyani ndi thupi limeneli? Thokozani Mulungu." Pamene kukhumudwa kumene kumaondetsa ena, ena kumawanenepetsa, chifukwa amadya kuti atonthoze mtima ndipo mphamvu zoyenda zimawathera. Abambo ndiye amangokhala chete, poti adauzidwa ali ana kuti mwamuna salira. Chaka ndi chaka malipoti a apolisi amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo pa maliro awo mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti, "Koma amaoneka bwinobwino."

Mankhwala amene amaoneka ndi maso

Apa ndi pamene nkhani ziwirizi, ya thupi ndi ya misala, zimalumikizana, ndipo m'mabanja ambiri zimayenda motere. Mnyamata wa zaka za m'ma 20 wayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, sagona, akuti anthu akumutsata. Atazungulira naye kwa asing'anga, amalume ake apita naye ku chipatala cha boma, ndipo kumeneko amutumiza ku Zomba, kudzera msewu wa Phalombe ndi Jali. Patapita milungu ingapo wabwera ali phee, akulankhula zomveka, atanyamula kapepala ka mapiritsi a chlorpromazine ndi tsiku lokabayitsa jakisoni wa pamwezi.

Mwezi woyamba banja likusangalala. Wachiwiri, mayi ake aona kuti mbale ya nsima imene inkakwana anthu awiri akuimaliza yekha, n'kufunsanso ngati chinangwa chatsala. Dzuwa likatuluka iye ali m'tulo, ndipo akapita kumunda khungu limamuwotcha msanga, poti mankhwalawa amachititsa khungu kusapirira dzuwa. Pofika mwezi wachisanu buluku silikutsekeka, nkhope yatupa, akuyenda mouma manja osagwedera, nthawi zina dovu likutsika pakona pa mlomo. Akadutsa pa siteji ya kabaza, anzake akale amakodolana. Safunika kuuza munthu kuti adali ku Zomba; thupi lanena kale. Ikafika Januwale, nkhokwe itapepuka, mlamu wake amalankhula mokweza kuseri kwa nyumba kuti pakhomo pano pali ena ongodya n'kugona. Tsiku lina mnyamatayo amataya mapiritsi m'chimbudzi. Thupi limatsika, amayamba kudzuka m'mamawa, ndipo aliyense amati wachira. Patapita miyezi ingapo mawu aja abwerera, ndipo ulendo uno amamutengera ku Zomba atamangidwa.

Mnyamatayu si waulesi, ndipo si wosusuka. Mankhwala a gulu limeneli amagwira ntchito mu ubongo, ndipo m'mene akutontholetsa mawu aja amakhudzanso mbali imene imauza munthu kuti wakhuta. Chlorpromazine amanenepetsa ndi kugonetsa. Olanzapine, amene ndi watsopano, amanenepetsa koposa, ndipo amatha kukweza shuga m'magazi. Amitriptyline, amene amaperekedwa kwambiri kwa okhumudwa, amawonjezera njala ndi kuumitsa kukhosi. Sodium valproate, wa khunyu ndi matenda osinthasintha mtima, nayenso amawonjezera thupi. Haloperidol sanenepetsa kwambiri, koma ndi amene amaumitsa thupi ndi kunjenjemeretsa manja, ndipo pamafunika mankhwala ena, benzhexol, kuti zimenezi zichepe. Benzhexol akasowa ku famase, wodwala amabwerera kumudzi ndi chizindikiro chake poyera.

Kwa atsikana kuli msampha wina. Ena mwa mankhwalawa, monga risperidone ndi haloperidol, amatha kuimitsa msambo, mwinanso kutulutsa mkaka m'mawere. Mtsikana wosakwatiwa amene wanenepa ndipo sakupita kumwezi, m'mudzi mwathu ndi nkhani ya tsiku limodzi. Ngati namwino sadakhale pansi ndi mayi ake kuwafotokozera zimenezi pasadakhale, banjalo limasankha kusiya mankhwala kusiyana ndi kunyamula manyazi awiri.

Kunenepa kumeneku si nkhani ya maonekedwe okha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu odwala kwambiri m'maganizo amafa zaka 10 mpaka 20 msanga kuposa anzawo, ndipo chimawapha kwambiri ndi matenda a thupi opeweka, monga a mtima ndi shuga. Munthu wodziwika kuti ndi wa mutu akadandaula kuti pachifuwa pakumuwawa kapena akukodza pafupipafupi, n'kosavuta kuti omumvera aganize kuti ndi matenda ake omwe aja.

Naye wachinyamata wa lero wapanikizika mbali ziwiri. Kumudzi akumuuza kuti anenepe kuti aoneke wosungidwa. Pa Facebook ndi TikTok akuona matupi a chiuno chaching'ono ndi mbina yaikulu, ndipo m'minibasi kondakitala amaseketsa anthu pouza mayi wonenepa kuti alipire mipando iwiri. Ndiye pali atsikana amene akumwa mankhwala onenepetsa ogula mwachinsinsi, ena okhala ndi cyproheptadine, ena ndi dexamethasone, amene amatupitsa nkhope, kukweza shuga ndi BP, ndipo atha kusokonezanso maganizo. Pali enanso amene akudzimana chakudya n'kumamwa tiyi wochepetsa thupi. Onsewa akuthawa chinthu chimodzi: kunenedwa.

Pamene maso adapha

Wina angati zonsezi ndi mawu chabe, ndipo mawu sapha. Anthu a ku Mulanje akudziwa kuti si zoona. Mu Sepitembala 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka m'boma lino n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anyamata adatseka misewu ndi mitengo, anthu ankagona panja m'magulu, galimoto zachilendo zinkagendedwa, mpaka bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Pulezidenti Peter Mutharika adayendera maderawa kukatontholetsa anthu. Pamene zinkazizira, anthu osachepera asanu ndi anayi adali ataphedwa ndi magulu olusa. Mmodzi mwa iwo, amene adamugenda ndi kumuwotcha ku Blantyre mu Okutobala, apolisi adati adali wodwala khunyu.

Pa nthawi ngati imeneyo, woyamba kugwidwa amakhala uja woyenda yekha usiku, wolephera kufotokoza bwino kumene akuchokera, wooneka mosiyana ndi anzake. Gulu silifunsa buku la kuchipatala. Limayang'ana, n'kugamula. Mantha amene adagwira anthu chaka chimenecho adali enieni, ndipo ambiri amene ankati apopedwa magazi ankamvadi kubanika, kufooka ndi mtima kugunda. Zimenezo ndi zomwe nkhawa yaikulu imachita m'thupi la munthu, koma padalibe malo m'maganizo athu oti nkhawa ingakhale matenda, motero tidafuna mdani wa miyendo iwiri.

Njira tidaiyendapo kale

Chimene chimandipatsa chiyembekezo n'chakuti boma lomweli lidagonjetsapo manyazi aakulu kuposa awa. Kale munthu ankakwera basi kukalandira ma ARV ku chipatala chakutali kuti asakumane ndi womudziwa. Lero amayi amatumana kukatengerana mankhwala, achinyamata ali ndi magulu awo Loweruka, ndipo pa kiliniki pamakhala anthu oti nawonso akumwa mankhwalawo, amene ntchito yawo ndi kulimbikitsa atsopano. Kusalana sikudatheretu, koma kudabwerera m'mbuyo kwambiri. Sikudabwerere chifukwa cha zikwangwani kapena maulendo a ndawala okha. Kudabwerera chifukwa mankhwala adafika pafupi, sankasowasowa, adasinthidwa pamene adaoneka kuti akuwononga matupi, ndipo anthu adaona ndi maso awo aujeni amene adatsala pang'ono kuikidwa akupalasa njinga kupita ku Limbuli ndi matumba a nandolo.

Odwala m'maganizo sadalandirebe zinthu zinayi zimenezo mokwanira. Madokotala akuluakulu a matendawa m'dziko lonse ndi owerengeka, ndipo amapezeka ku Zomba, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kumene a St John of God akhala akugwira ntchitoyi kuyambira m'ma 1990. Boma la anthu oposa 680,000, malinga ndi kalembera wa 2018, limadalira anamwino ndi madokotala othandizira ochepa ophunzira za matendawa, amene nthawi zambiri amagwiranso ntchito m'mawodi ena. Maulendo awo opita ku zipatala zing'onozing'ono amayendera mafuta a galimoto, ndipo mankhwala a gulu limeneli ali m'gulu la amene amasowa kawirikawiri m'zipatala za boma. Wodwala amene wayenda kuchokera kutsinde kwa phiri n'kubwerera chimanjamanja kawiri, kachitatu sapitanso.

Zoyambira zilipo. Mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lija la 1948, loika patsogolo ufulu wa wodwala. Bungwe la MeHUCA, la anthu amene adadwalapo pamodzi ndi owasamalira, likulankhula poyera zimene kale zinkanong'onedwa. Katswiri wa zamaganizo Chiwoza Bandawe wakhala akulemba m'nyuzipepala kwa zaka zambiri kuti nkhaniyi ifike m'makomo. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu othedwa nzeru, kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku wa mu 2016 adaonetsa kuti njirayi imachepetsadi kukhumudwa, ndipo idayesedwanso m'zipatala zina za kuno kwathu. Mulanje ili ndi anthu a ntchito imeneyi kale: amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika, anankungwi, alangizi a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse. Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa chinamtindi cha anthu pa Chonde, ndipo mafumu amene amalankhula pamenepo za ukwati wa ana angathe kulankhulanso za mwana womangidwa pamtengo kuseri kwa nyumba.

Koma ine ndingayambire pa chinthu chaching'ono, chimene akuluakulu a zaumoyo pa khonsolo ya Mulanje, a chipatala cha boma ndi a Mulanje Mission angachite osadikira ndalama za ku Lilongwe. Pa tebulo la kiliniki ya matenda a m'maganizo pakhale sikelo, makina a BP ndi kopimira shuga, ndipo wodwala aliyense azipimidwa monga amachitira ku kiliniki ya ma ARV. Tsiku loyamba kupereka mankhwala, namwino aitane womusamalira alowe, awauze onse awiri mosabisa kuti njala ichuluka, thupi litha kukwera, msambo utha kuima, ndipo zikatero abwere, asasiye okha, chifukwa mlingo umatha kuchepetsedwa ndipo mankhwala amatha kusinthidwa. Wodwala akanena kuti "sindikufuna kunenepa chonchi," amenewo asatengedwe ngati mawu a misala. Ndi dandaulo lomveka la munthu amene akufuna kukwatira, kulembedwa ganyu ndi kudutsa pamsika popanda kukodoleredwa, ndipo likamvedwa msanga limapulumutsa ulendo wina wa ku Zomba.

Ku sikelo ya ana nako, mlangizi akaona kadontho katsika pansi pa mzere miyezi iwiri yotsatizana, amutengere mayiyo pambali anzake asakumva, amufunse za tulo, za chakudya, za m'banja, ndi ngati adaganizapo zodzichotsera moyo. Mafunso opimira kukhumudwa adamasuliridwa kale m'Chichewa ndipo adayesedwa pa amayi a ku Thyolo komweko. Kuwafunsa kumatenga mphindi zochepa, ndipo mlangizi wophunzitsidwa angathe kutero mwana ali kumsana kwa mayi ake.